Mawere a M'phulusa

Chaka chimene boma la azungu linalamula kuti aliyense alime thonje m'mizere, agogo anasiya kukhulupirira munthu. Mesenjala anayenda khomo ndi khomo kulengeza kuti mbewu zamakolo zikubweretsa tizilombo m'thonje, choncho ziperekedwe kwa mlangizi, azitenthe.

Agogo anali ndi kamphika kamodzi ka mbewu ya mawere ofiira, mtundu umene anawasiyira amayi awo. Anaisakaniza ndi phulusa kuopa anankafumbwe, n'kumata pakamwa ndi dothi, n'kukabisa pansi pa nkhokwe. Wodziwa anali mpongozi wawo yekha, mkazi wa mwana wawo amene anapita kukagwira ntchito kuesiteti.

"Pakamwa apo muzitseka," ankatero tsiku lililonse. "Wovala yunifolomu akakulonjerani, muyankhe n'kudutsa. Amene uja safunsa za moyo wanu, amafunsa za m'nyumba."

Ndiye Lachitatu anawaona ndi maso awo: mpongozi ali chilili pachitsime, akulankhula ndi mesenjala, mpaka kuloza chakumudzi. Mpongozi atafika pakhomo, agogo anamufunsa.

"Mumakambirana chiyani ndi uja?"

"Amapempha madzi akumwa, amayi."

"Madziwo amatungira kunyumba kwanga, kumene mumalozako?"

Mpongozi anangotula ndowa.

M'mawa mwake mlangizi ndi mesenjala anafika. Mlangizi wachizungu sanalowe m'nyumba, sanayang'ane padenga. Mesenjala analunjika kunkhokwe, kugwada, n'kutulutsa kamphika kaja ngati anakaikako yekha. Agogo anacheukira mpongozi. Iye maso anali pansi, nkhata yake ili m'manja.

Mesenjala anaswa dothi, natapa m'kati. Anafikisa phulusa ndi zala kwa nthawi, kenaka anakweza maso kuyang'ana agogo.

"Ndi mbewu imeneyo?" mlangizi anafunsa, atatseka mphuno ndi kansalu.

"Ndi yomweyo, bwana."

Anakhuthulira pamoto wa mapesi. Agogo anakhala pansi poti khu, osalira. Kulira pamaso pa anthu otere n'kuwapatsa nkhani yokasekera kuofesi.

Anthuwo atachoka, mpongozi anabwera n'kugwada.

"Chokani apa. Mwandigulitsa."

"Tangogwirani nkhatayi, amayi."

Inali yolemera, ndipo m'kati munkachita wayawaya. Agogo anamasula mfundo pang'ono: mawere, ofiira bwino, phulusa likadali mbuu.

"Mumphikamo ndinathiramo mankhusu, mchenga ndi phulusa, n'kumatanso," mpongozi ananong'ona. "Akanapanda kupeza kanthu akanagwetsa ndi denga lomwe. Mzungu uja mawere angawasiyanitse ndi mankhusu? Mwina amayesa amamera mumtengo."

Agogo anafuna kuseka, koma anakumbukira zala zija zikufikisa phulusa. Mesenjalayo anakulira pa mawere. Mankhusu amawadziwa ndi maso otseka.

"Uja wadziwa," anatero agogo.

"Wadziwa, koma sananene."

"Lero sananene. Munthu akakusungira chinsinsi osam'pempha, uziyembekeza tsiku lobwera kudzachitenga."

Mvula yoyamba itagwa, agogo sanadikire. Anatenga nkhata ija ngati akupita kunkhuni, nawaza mawere kuseri kwa chulu, mmene udzu umabisa chilichonse, pang'ono apa, pang'ono kudambo, pang'ono m'tsala la malemu amuna awo. Akapeza pena, pena patsale.

Akubwerera anakumana naye mesenjala panjira, ali panjinga. Anatsika, navula chipewa.

"Nkhuni zasowa lero, amayi?"

Agogo anayang'ana nkhata yopanda kanthu m'manja mwawo.

"Zanyowa," anatero, nadutsa osacheuka.