Mtengo wa Kumanzere

Amuna anga amalemba timabuku tokopa alendo pa kampani ina ya zamaulendo. Desiki yawo inayang'ana kukhoma, koma mukawerenga zimene amalemba mungati dziko lonse analiyenda wapansi. Pakamwa pawo mpozuna, ndipo mboni ndine, poti n'zimene zinandigwetsa.

Pondifunsira, zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, anandiuza za mtsinje wina. Anati anapitako pa ntchito, ndipo atatsika basi pa mlatho anakhotera kumanzere, nayenda pang'ono mpaka kupeza mtengo waukulu woweramira pamadzi. Pansi pa mtengowo anakhala tsiku lathunthu akuganiza za ine, osadya kanthu, mpaka anatsimikiza mtima kuti popanda ine sangakhale. Ine, telala wachitsikana amene dziko lake limathera pa makina osokera, ndinalira. Nthawi imeneyo panali winanso wondifuna, wokonza mawotchi, munthu wofatsa ndi wa manja abwino. Koma iyeyo analibe mtsinje.

Nkhani ya mtengoyi inakambidwa pa ukwati wathu, ndipo mlendo aliyense amene anakhalapo pa sofa yathu anaimva, ena kanayi. Kabuku kamene analemba za malowo, kokhala ndi chithunzi cha mlatho ndi mtengo pachikuto, tinakaika m'felemu pabalaza. Ndakhala ndikukapukuta fumbi Loweruka lililonse. Ndikati tipiteko ndikaone ndi maso anga, yankho linali chaka chamawa. Chaka china inali mvula, china msewu, china msana. Mwana wathu womaliza atachoka pakhomo, ndinagula ndekha matikiti awiri n'kuwaika pambali pa kapu yawo ya tiyi.

M'basi munthu wolankhula uja anali duu. Kawiri konse anandifunsa ngati ndinazimitsa simbi.

Titatsika pa mlatho ndinaiwala kutopa. Mtsinjewo unali waukulu, madzi akuyenda mwaulesi pakati pa miyala yakuda, mbalame zoyera zitandanda m'mphepete. Amuna anga anakonza chipewa, napanira kabuku kawo m'khwapa, n'kukhotera kumanzere ngati mwini malo. Njira inali yopondeka bwino, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndinachita manyazi kuti m'basi muja ndinayamba kuwakayikira.

Tinayenda. Bango, matope, udzudzu wa masana. Nsapato zanga zatsopano zinasanduka zolimira. Patapita theka la ola njira inathera pa kagolosale ka malata, ka mabenchi atatu ndi firiji yolira ngati thirakitala. Mtengo panalibe, ngakhale chitsa chomwe.

Amuna anga anavula chipewa ngati ali pamanda. Anati anthu audula. Kenaka anayamba ulaliki wa anthu osakonda chilengedwe, adyera, osaganizira za mawa, mawu akukwera, dzanja likuloza pamalo pamene ankati panali mtengowo, pomwe tsopano panali chimbudzi. Ndinatsala pang'ono kuliranso.

Mayi wa golosaleyo ankatitsegulira zakumwa uku akumvetsera. Maso ake atagwera pa kabuku kaja, anaseka mpaka kugwira firiji.

"Inunso mwabwera ndi kabuku kameneko? Pepani bambo, palibe amene anaudula mtengowo. Uli kumanja kwa mlatho, pafupi pomwepo."

Anatifotokozera mokoma mtima, monga munthu amene wafotokoza kambirimbiri. Anati mlendo wina wodziwa zosindikiza anamuuza kuti chithunzi chapachikutocho anachitembenuza posindikiza, za kumanja zinapita kumanzere. Wolembayo anangoyang'ana chithunzi n'kulemba zimene akuona. Chiyambire pamenepo alendo amakhotera kumanzere, n'kufika kuno malilime ali panja. Iye ataona zimenezo anayamba ndi ndowa ya madzi ozizira, lero ali ndi firiji.

"Amene analemba kabukuka sanapondeko kuno," anatero, "koma kulikonse kumene ali Mulungu amudalitse. Wandiphunzitsira ana atatu."

Amuna anga anamwa chakumwa chawo pang'onopang'ono, maso ali m'botolo. Kabuku kaja kanatsetsereka kuchoka m'khwapa n'kukalowa m'thumba la jekete. Ine ndinathokoza mayiyo. Sindinafune kuti adziwe kuti wodalitsidwayo wakhala pa benchi yake, ndiponso kuti chitsiru chachikulu mwa alendo ake onse ndi ine, amene ndinakhotera kumanzere zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Zinandipweteka kwambiri, kuposa mmene ndikanaganizira pa msinkhu wangawu.

Tinabwerera njira yomwe ija. Titadutsa mlatho, sitinayende ngakhale mphindi zisanu. Mtengo unali pomwepo, waukulu, woweramira pamadzi, mizu yake ngati mipando. Unali wokongola kuposa wa m'felemu, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

Iwo anakonza pakhosi n'kuyamba kunena kuti zaka zapita zambiri, munthu amasokoneza, ndiponso kuti chachikulu m'nkhani ndi mtima wake. Ndinawasiya amalize. Kenaka ndinatulutsa mpango m'chikwama, ndinapukuta muzu umodzi bwinobwino, n'kuwalozera.

"Khalani apa, bambo a ana. Munati tsiku lathunthu, koma basi ibwera folo koloko, ndiye ndakuchotserani. Yambani kundiganizira."

Anakhala. Ine ndinavula nsapato zamatope zija n'kutsikira kumadzi ndekha. Anali ozizira bwino, timiyala tikundigirigisha kumapazi. Ndinaima nthawi yaitali, ndipo ndisaname, mtima unayamba kufewa. Ndinati mwina bodza lija likhoza kusanduka zoona ngakhale mochedwa, poti munthu uja tsopano wakhaladi pansi pa mtengo, ndipo alibe china choganiza.

Ndinacheuka. Anali atawerama, chipewa chili pabondo, nkhope ili yakugwa, moti ndinayamba kubwerera kuti ndikawagwire paphewa. Nditayandikira ndinaona kuti atulutsa kabuku kaja ndi cholembera. Anali atakhwatcha mawu oti kumanzere, akulemba pamwamba pake mosamala kuti kumanja.