Kabowo ka Kumanzere

Kalipentala ankaopa chinthu chimodzi chokha: kugontha. Bambo ake anagontha ndi makina ochekera matabwa omwewa, ndipo anamwalira akungoyang'ana milomo ya anthu. N'chifukwa chake mwana wake wamkazi, uja wokonza mafoni, atamubweretsera mahedifoni oletsa phokoso, mkuluyu sanachite makani. Akawavala, kulira kwa sowo kumamveka ngati kwa aneba.

Koma sabata yachitatu khutu lakumanzere linayamba kuimba. Kamluzu koonda, tswii, osaleka. Akavula mahedifoni kamathawa, koma iye anali atamvapo kuti matenda a makutu amadziulula pakakhala zii. Basi, mtima unamuthawa. Sanamuuze mkazi wake. Munthu wake ndi wotero, angalolere kufa ndi chinthu m'mimba. Anangosiya kudya bwino n'kumakalipira matabwa osalakwa.

Lachisanu anatseka shopu masana, napita kukabenchi ka mwana wake.

"Mayi, tenga zinthu zakozi. Zachedwa. Khutu ili lapita."

Mtsikanayo anasiya foni imene ankamasula. Sanafunse zambiri. Anavala mahedifoniwo, n'kukwinya nkhope.

"Inenso ndikukamva kamluzuko, bambo."

"Iwenso?"

Mtsikanayo anawatembenuza pansi pa nyali, n'kukanda ndi chikhadabo.

"Ichi n'chiyani?"

"Guluu ndi utuchi. Panali kabowo, fumbi likanalowa. Ndinamata bwinobwino, n'kupala."

Kunena zoona anamatadi mwaluso, moti wina sakanaona. Zaka makumi atatu munthu akutseka mabowo m'matabwa, mumati akaona kabowo achite nako chiyani?

Mwana wake anaseka mpaka kugwira benchi.

"Koma bambo inu! Kabowoka ndi khutu lake. M'katimu muli kamaikolofoni kamene kamamvetsera phokoso la panja. Sowo ikakankha mpweya, sipika ya m'kati imaukoka nthawi yomweyo, ziwirizo n'kuthetsana zisanafike kwa inu. Ndiye inu mwakatseka. Kakungomva mawu a sipika yake yomwe, n'kumalira."

Anatenga singano, natokosola pang'onopang'ono mpaka kachibulumwa kanagwera papepala. Kalipentala anavala. Anadikira. Anapendeketsa mutu uku ndi uku. Kunali zii, zii weniweni, wopanda kanthu m'kati mwake. Ndi chimwemwe, anangokhala pampando wa makasitomala.

Komabe mantha a sabata yathunthu sachoka ndi singano. Anavula mahedifoni, natseka khutu lakumanja ndi chala.

"Pita pakhomo apo. Unene kanthu, koma monong'ona."

Mtsikanayo anapita, natembenuka kuti bambo ake asaone milomo. Kunja minibasi zinkaimba mahutala.

"Mukawauze amayi," ananong'ona. "Akhala akulira, akuti mwina mwadwala."

Kalipentala anachotsa chala kukhutu.

"Ndamva," anatero, nanyamuka.