Mpope Wakumanzere

Mongi anachotsa mipope iwiri ya mfuti imene ankafuna kugula pamtengo wake wogwirira n'kuisuzumira cha pazenera. M'kati munali mbee. Nguluwe zinali zitamufukulira theka la munda wa mbatatesi kumtunda kwa Ain Draham, ndiye mtima wake unali utagula kale.

"Mukuiyang'anitsitsa ngati mkwatibwi bwanji, alamu?" anatero Lotfi, mlongo wa mkazi wake, mwini mfutiyo. "Imeneyitu nguluwe ikangomva fungo lake imagona yokha."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero Mongi akuseka. "Iyimbe kaye."

Kumapiriko munthu sagula mfuti asanaimve kulira. Amalendewetsa mipope pachingwe n'kuigogoda, ndipo yabwino imalira ngati belu. Mongi anamanga chingwe n'kupatsira mlamu wake.

"Gwirani ndi manja onse, njolemera."

"Limodzi likwana."

Chifikireni Mongi, dzanja lamanzere la Lotfi linali m'thumba la chijasi chaubweya, ati kuzizira. Koma limodzi silinakwane. Chingwe chinapulumuka, dzanja lobisika lija n'kutuluka lokha kukawakha mipope. Zala ziwiri panalibe. Panali zipsera zofiira, zosapola bwino.

Mongi anafuula.

"Mulungu wanga! Alamu, si munatiuza kuti munali ku Tunis kuntchito?"

"Ndi macheka awa," anatero Lotfi, maso ali pansi.

Mongi anakoleka yekha chingwe pamsomali wa pachitseko. Anagogoda mpope wakumanja ndi supuni ya tiyi: ngwee! Wakumanzere unangoti phu. Atayendetsa chala kunsi kwake anapeza pamene anawotcherera n'kupakapo utoto wakuda. Pamenepo mpamene mlenje amagwira ndi dzanja lamanzere.

"Inakuphulikirani inu, ndiye mwati ikamalizire ine? Ana a mlongo wanu awalimire ndani?"

"Wowotchererayo anati ilimba," Lotfi anayankha motsitsa mawu. "Nanga ndi dzanja ili, andilembe ntchito ndani?"

Mumtima mwa Mongi mkwiyo unalipo, chisoni chinaliponso, ndipo sanadziwe choyamba nacho. Kenako anakulunga mipope ija m'chiguduli, mtengo n'kuusiya patebulo.

"Mtengowo gulitsani. Izi ndikupita nazo kwa wosula akazidule."

Atafika pakhomo anatembenuka.

"Mawa mubwere kumunda. Kuimba chitini chothamangitsira nguluwe, zala zitatu zikwana."