Buluku la Ahedi

Makina osokera asanu atafika kusukulu, woyamba kugogoda ku ofesi ya ahedi anali Mayi Telala, uja amasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo. Mwana wake wamkazi anali atamuuza kuti phunziro latsopano la zaluso lilibe mphunzitsi.

"Lachisanu masana makasitomala sabwera," anatero. "Ndizidzawasonyeza anawa."

Ahedi, omwe mabuluku awo onse anatuluka m'manja mwa mayiyu, anatsokomola. "Setifiketi muli nayo, mayi? Sukulu munalekezera pati?"

"Pomwe mimba inayambira kuoneka."

"Ndiye mwaonatu. Phunziroli tawapatsa aphunzitsi a Masamu. Kusoka ndi manambala basi."

Miyezi iwiri inatha ana akujambula makina m'makope. Mtsikana wa Mayi Telala ankatha kutchula ziwalo zonse za makina ngati nyimbo, koma a kusukuluwo anali asanawapondepo. Anali chivundikirire ndi nsalu kuopa fumbi. Kenako kunabwera kalata: oyendera sukulu afika Lachinayi, ndipo akapanda kuona chinthu chosokedwa ndi ana, makina apita kusukulu ina. Mtsikanayo tsiku limenelo sanadye.

Lolemba a Masamu anatulukira pakhonde paja, choko chili mbuu m'malaya.

"Tikufuna tiwasokere ahedi buluku, tiwadzidzimutse. Miyezo yawo mumaidziwa."

"Chiuno sate-eyiti, kutalika fote."

A Masamu analemba, n'kutulutsa tepi yawo yatsopano, n'kuika chala pa sate-eyiti. Mayi Telala anaona mbali yomwe chalacho chinali. Anatsegula pakamwa, koma m'malo molankhula analuma ulusi.

"Pali china choti ndidziwe?"

"Aa, ine ndingakuuzeni chiyani? A manambala ndinu."

Lachitatu m'mawa anabwera awiri, ahedi patsogolo, a Masamu pambuyo atanyamula kaphukusi ka nyuzipepala. Atamasula, munatuluka buluku la zipi ndi matumba awiri, lokongola ndithu, koma loti khanda la sabata imodzi likadalivala mopumira m'mwamba.

Mayi Telala analikweza ndi zala ziwiri, n'kuliyeza pamimba pa ahedi. "Kodi mwayamba liti kuonda, bambo?"

"Mayi, si nthawi yoseka ino."

"Nanga podula nsalu simunaone kuti zachepa, aphunzitsi?"

"Ndinkati zifutukuka posoka," anatero a Masamu, maso ali pansi. "Mwana wanu anakweza mkono, koma ndinamuuza kuti mafunso n'kumapeto."

Mayiyo anatenga tepi ija n'kuitembenuza. "Mbali iyi, ya masentimita, ndi yanu ya m'kalasi. Ife atelala timayezera iyi, ya mainchesi."

"Bwanji simunanene Lolemba lija?"

"Ndiphunzitse aphunzitsi ndilibe setifiketi?"

Ahedi anapukuta thukuta m'khosi, n'kutsitsa mawu. Anapempha kuti mayiyo asoke buluku lina msangamsanga, mawa adzanene kuti asoka ndi ana.

"Chilichonse ndimasoka, koma bodza ayi. Ndipo mkucha makina adzakhalabe chivundikirire. Ndipatseni anawo lero tsiku lonse. Buluku sangalithe, koma zikwama za mabuku asoka. Mizere yake ndi yowongoka."

"Chabwino, lero lokha."

"Lero, ndi Lachisanu lililonse. Mukapanda kutero, valani lomweli."

Ahedi analiyang'ananso bulukulo, n'kuvomera.

Lachinayi mayi woyendera sukulu anamva phokoso la makina asanalowe n'komwe m'kalasi. Anapeza ana akulimbirana kuponda, nsalu zili mbwee pansi, zikwama khumi ndi ziwiri zili patebulo. Zina zinali zokhota ngati zaledzera, china chinali chosokedwa ndi kukamwa komwe. Anazitembenuza chimodzichimodzi, akukoka msoko kuti aone ngati ungang'ambike, kenako anauza ahedi kuti makina akhala.

Mtsikana wa Mayi Telala anamva, koma sanatukule mutu. Anali pakati pa msoko.

Potuluka, woyenderayo anaima. Pabenchi la kutsogolo panakhala bambo wamkulu, choko chili mbuu m'malaya, mawondo atafika m'chibwano, diso limodzi atatsinzina, akulimbana ndi kulowetsa ulusi pasingano.

"Nanga awa ndi ndani?"

"Ameneyo musamudandaule," anatero Mayi Telala, akumuwongolera dzanja. "Amamva mochedwa, koma akuyesetsa."