Keyala Yakale ya Atelala

Atelala anakangana ndi mng'ono wawo polimbirana makina osokera omwe mayi awo anasiya. Mng'onoyo anachoka, nasintha nambala ya foni, ndipo zaka ziwiri zinatha ali zii. Kanatsala n'kamodzi kokha: pa tsamba la mchezo pomwe atelala ankaika zithunzi za madiresi, mng'onoyo ankadina kamtima pa chithunzi chilichonse. Atelala ankachita ngati sakuona, chonsecho m'mawa uliwonse ankayamba ayang'ana kamtimako asanatsegule shopu.

Tsambalo silinali la kampani imodzi. Linali la maseva ambirimbiri olumikizana, makompyuta osunga maakaunti a anthu, ndipo atelala analembetsa pa seva yaing'ono ya gulu la osoka. Tsiku lina kunabwera uthenga wakuti sevayo itsekedwa pakatha miyezi iwiri.

Aphunzitsi a makompyuta, omwe anabwera kudzachepetsetsa thalauzi, anawafotokozera kuti keyala ya pamenepo ili ndi zigawo ziwiri, dzina la munthu ndi dzina la seva. Dzina lomwelo pa seva ina ndi keyala inanso.

"Samutsani akaunti seva yakale isanatsekedwe, mayi. Ndiyo imatengera okutsatirani ku keyala yatsopano. Ikatsekedwa, basi, palibenso wowalozera."

Koma alamu awo, odziwa chilichonse kupatula kugwira ntchito, anati aphunzitsi amakonda kukulitsa nkhani. Dzina ndi dzina, akakatsegula kwina anthu awapeza okha. Atelala, poona mulu wa mayunifolomu pa tebulo lodulira nsalu, anamvera zosavutazo.

Seva inatsekedwa. Anatsegula akaunti kwina ndi dzina lomwe lija. Makasitomala anabwerera poti ankauzidwa pamaso, koma kamtima kaja sikanaonekenso. Anayesa kumufufuza mng'onoyo, koma ankangokumbukira chigawo choyamba cha keyala yake, ndipo a dzina limenelo analipo ambiri, aliyense pa seva yake. Anangoti wakwiyiratu, naonso nkuumitsa mtima.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, msuweni wawo anatulukira m'shopu kudzafunsa chomwe anajombera ku ukwati. Ukwati wa yani? Msuweniyo anatulutsa foni, nawaonetsa mawu omwe mng'ono uja anam'tumizira podandaula. Mawuwo mng'onoyo anali atalembera atelala ku keyala yakale ija, katatu konse: "Asisi, ndikukwatiwa. Makina khalani nawo. Ndisokereni diresi, sindifuna telala wina." Posayankhidwa, anauza abale onse kuti asawavutitse atelalawo.

Atelala anakhala pansi pa zidutswa za nsalu, nalira. Zinawapweteka kwambiri, makamaka pokumbukira kuti kusamutsako inali ntchito ya mphindi khumi. Nambala ya mng'onoyo anapatsidwa tsiku lomwelo ndipo analankhulana, koma ukwati unali utachitika kale.

Msuweni anawaonetsa chithunzi cha mkwatibwi. Diresi linali lobwereka, lalikulu m'mapewa, logwiritsa mapini m'chiuno. Atelala anaika chala pafonipo.

"Apa," anatero chapansipansi, "ndikanangobweza pang'ono apa."

Phunziro: Dziwani keyala yonse, yanu ndi ya abale anu, dzina ndi seva yomwe. Seva ikalengeza kutseka, samukani isanatseke, ndipo uzani anthu anu komwe mwapita.