Tsiku Limene Khoma Lathu Linagona pa Matewera

Mng'aluwo ndinauona ndikupukuta khoma pamwamba pa kabedi ka mwana. Unali wopyapyala ngati ulusi, kuyambira pakona ya zenera kutsetsereka mpaka pafupi ndi mutu wa mwana wathuyo, Timasaya. Ife timakhala pamwamba penipeni m'nyumba yosanja kanayi. Ndinakoka kabediko n'kukaika pakati pa chipinda, kenako ndinalemba kamzere ndi pensulo pamene mng'aluwo unathera.

M'mawa uliwonse ndinkayamba ndaona kamzereko ndisanasukusule n'komwe.

"A Mlonda, lero khoma ladzuka bwanji?" amuna anga ankandifunsa akumanga nsapato. Iwo amakonza mafoni, ndipo dzina la Mlonda anandipatsa kalekale chifukwa chitseko ndimachiona katatu ngati chakhomedwa.

"Sekani, bambo ake Timasaya. Likadzagwa mudzaseka bwino."

Anthu ena m'nyumbamo anaonanso ming'alu, ndipo eni nyumba anaitana akatswiri. Kwathu kunabwera mayi injiniya, wamfupi, wovala chisoti cholimba. Anamata kachipangizo kangati bokosi la machesi, mwendo wina mbali iyi ya mng'alu, wina mbali inayo.

"Aka kaziyeza ngati mng'aluwu ukukula, komanso ngati khoma likupendekeka," anatero. "Ola lililonse kazitumiza uthenga ku kompyuta yanga. Tipatseni milungu isanu ndi umodzi. Ngati ukukula, mudzayamba mwasamuka. Ngati ayi, khalani mwamtendere. Chachikulu, musakakhudze. Pali funso?"

Mafunso ndinali nawo odzaza dengu, koma ndinachita manyazi. Ndinangoti, "Ayi, palibe." Mawu akuti kusamuka ndiwo anandisowetsa mtendere. Nyumbayi tinaidikira zaka ziwiri, ndipo ili pafupi ndi chipatala cha ana komanso ndi kashopu ka amuna anga.

Kachipangizoko kanali ndi kanyale kobiriwira kophethira. Timasaya ankakaloza n'kumaseka, koma ine ndinayamba kuganiza zambiri. Nanga ngati kakutulutsa mphamvu yoipa m'mutu mwa mwana? Nanga ngati kakutijambula? Ndinadandaula Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Lachinayi ndinapita ndi mwana kusikelo, ndipo pobwera ndinapeza amuna anga ataima pakhomo, manja ali penti yekhayekha, akumwetulira ngati apambana mpikisano.

"Lowani muone, a Mlonda. Nkhawa zanu ndazikwirira."

Khoma linali see, loyera bwino. Mng'alu palibe, kachipangizo palibe. Anali atamata pulasitala n'kupaka penti.

"Nanga kaja kali kuti?"

"Ndakasunga bwinobwino m'kabati. Sindinakatsegule, ngakhale manja amandiyabwa."

Ndisanayankhe tinamva mapazi akuthamanga pamasitepe. Chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Anali mayi injiniya, thukuta lili kamukamu, chisoti chitapendekera kukhutu.

"Muli moyo nonse? Mwana ali kuti?" Anasuzumira m'chipinda, n'kuima kukamwa yasaa. "Kompyuta yanga ikuti khoma lanu lagwa, ndipo lagona chagada!"

Amuna anga anatsegula kabati pang'onopang'ono. Kachipangizo kaja kanali gone pamwamba pa matewera, kakuphethira ngati palibe chachitika.

Mayiyo anakhala pampando n'kuseka mpaka misozi. "Achimwene, mwandikweza masitepe onsewa ndi mtima m'manja. Tapatseniko madzi."

"Pepani, mayi. Ndimafuna akaziwa apezeko tulo."

"Cholakwa n'changa," ndinatero. Ndipo ndinafunsa mafunso onse amene ndinawameza tsiku lija.

Anandiyankha limodzilimodzi, osatopa. Kachipangizoko kalibe diso, kalibe khutu. Kamayendera kabatire kakang'ono, ndipo uthenga wake ndi manambala okha, wofooka kuposa wa foni imene ndimagona nayo kumutu. Kenako analoza khoma lija.

"Koma ichi ndiye choopsa. Mng'alu mukaumata, simunauchize, mwangoutseka pakamwa. Ngati khoma likusuntha, lizisunthabe kuseri kwa penti yanu yokongolayi, ife osadziwa. Tipala, timatenso kachipangizoka, ndipo milungu ija tiyambirenso kuwerenga."

Amuna anga anapala okha pulasitala yawo, akung'ung'udza kuti ntchito yabwino chonchi sinaonekepo. Pochoka, mayiyo anandilembera nambala yake kuseri kwa chitseko.

"Inu a Mlonda, maso anuwo ndikuwafuna. Tizipangizoti timamva pamene tatimata pokha. Mukaona chachilendo kwina kulikonse, imbani. Musachite manyazi."

Patatha milungu iwiri ndinaona kuti khoma la pansi pa masitepe, pamene timaimika njinga, likumakhala lonyowa ngakhale kunja kuli dzuwa. Kale ndikanangodandaula kwa amuna anga. Ulendo uno ndinaimba.

Anabwera tsiku lomwelo. Anati kachipangizo kena kamene anamata pakhoma limenelo kanali katayamba kale kuonetsa kuti mng'alu wa pamenepo ukukula pang'onopang'ono, koma sankadziwa chifukwa chake. Atakumba anapeza paipi yamadzi itaphulika pansi, ikufewetsa dothi la pamaziko. Anaikonza, analimbitsa mazikowo, ndipo mng'aluwo unaima.

Milungu isanu ndi umodzi itakwana, mayi injiniya anakwera masitepe athu, ulendo uno mosathamanga. Anationetsa mzere pakompyuta, wokwera ndi kutsika pang'ono ngati mpweya wa mwana ali m'tulo.

"Wanuwu ndi wa pulasitala chabe. Kukatentha umatseguka pang'ono, kukazizira umabwerera. Sukukula. Simusamuka."

Ndinangokhala pansi n'kukumbatira Timasaya.

"Ndiye ndimate?" anafunsa amuna anga, maso akuwala.

"Tsopano matani, achimwene. Koma kachipangizoka ndichotsa ndekha."

Anzanga okhala m'nyumba zosanja, ndi inu amene mumadutsa pamilatho tsiku ndi tsiku: mukaona tizipangizo totere pakhoma kapena pamlatho, tisiyeni. Musatichotse, musatiphimbe, musakolekepo kanthu, ndipo ana muwauze kuti si zidole. Mng'alu musaumate akatswiri asanauone. Ngati simukumvetsa, funsani pomwepo. Ngati mwaona chachilendo, nenani msanga.

Kabedi ka Timasaya kanabwerera pamalo pake, pafupi ndi zenera. M'mawa mwake amuna anga anafunsa monga mwa masiku onse, "A Mlonda, khoma ladzuka bwanji?"

"Kaya," ndinatero. "Lero sindinalione n'komwe."