Kalata ya Ikram kwa Jamali

Ine ndine Layson, mphunzitsi wa Sitandade 7 pasukulu ina kufupi ndi dziwe la Chia, ndipo ndine amene ndinaitanitsa mayi wa uphungu uja. Ndayamba ndi zimenezi kuti pogawa milandu musandidumphe.

Mwana amene ndikunena ndi Ikram, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, yemwe kale ankandisowetsa mtendere ndi mafunso m'kalasi. Mwezi wa Febuluwale mlongo wake Jamali, wa zaka zinayi, anamira m'madzi a Chia. Tsikulo ankamuyang'anira ndi Ikram. Iye anauza anthu kuti anangowerama pang'ono kutsuka mbale, pocheuka mwana palibe. Anthu anati ndi chifuniro cha Mulungu, maliro anaikidwa tsiku lomwelo monga amachitira Asilamu, aliyense n'kubwerera ku maukonde ake.

Kwa Ikram nkhani sinathere kumanda. Anayamba kukodza pamphasa ngati khanda. Kudooko anakaniratu kupitako, ngakhale am'kwapule chotani. Kusukulu anaphulitsa mnzake mlomo chifukwa chongomufunsa ngati wadzuka bwino. Azakhali ake, a Fauzia, omwe ali ndi mankhwala a matenda onse kupatula a pakamwa pawo, anam'manga chule m'chiuno n'kumuzungulitsa pabwalo, mphasa yonyowa ili pamutu, ana akuimba m'mbuyo. Amati ndi mmene mwana wokodza amasiyira. Chule anafa, kukodza kunapitirira.

Nditamva za chuleyo mtima unandiwawa, ndipo ndinaimbira foni bungwe lina la ku boma limene limathandiza ana ovutika maganizo. Anatitumizira Mayi Lusungu, mayi wa ku Rumphi wodekha, wolankhula Chichewa chonunkhira kumpoto. Ankabwera Lachitatu lililonse, kutsika minibasi pamsewu n'kukwera kabaza mpaka pasukulu. Ndinkawabwereka kalasi yanga ana akaweruka. Maulendo awiri oyamba sanaphule kanthu kwa Ikram.

Ulendo wachitatu Mayi Lusungu anang'amba pepala m'kope lawo n'kumupatsa. Zimene anakambirana anandifotokozera mayiwo okha pambuyo pake, akulira.

"Mwanawe, umulembere kalata Jamali," anatero. "Umuuze zonse zili mumtimamo, ngakhale zoipa. Palibe adzawerenge. Ngakhale ine sindidzaiona."

"Ndikalemba ndiike kuti, madamu?"

"Ukaiponye m'chimbudzi. Zonse zipite nayo pansi."

Njira imeneyi inali itathandiza ana ambiri ku Dwangwa, ndipo sindikuinyoza. Koma Mayi Lusungu anakulira m'tchalitchi. Sankadziwa kuti mwana wa kumadirasa, sukulu ya Chisilamu, sayamba kulemba chinthu chachikulu asanaike Bisimila pamwamba, dzina la Mulungu m'zilembo za Chiarabu. Ine ndiye ndilibe pothawira. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuchonga makope okhala ndi mzere umenewu pamwamba, koma atandiuza kuti ayesa njira ya kalata ndinangogwedeza mutu ngati gulo.

Pepala lokhala ndi dzina la Mulungu siliponyedwa m'chimbudzi. Silipondedwa, silikulungidwira usipa. Ikram analemba kalata yake, nafika nayo mpaka pakhomo pa chimbudzi, ndipo pomwepo m'pamene anaona mzere wapamwamba uja. Munthu wamkulu akanang'amba mzerewo n'kutaya zotsalazo, koma kuseri kwake kunalinso mawu, ndipo iye anali mwana. Anaipinda kangapo n'kukaiika kumene mapepala otere amasungidwa pakhomo pawo, m'kati mwa msahafu, buku la Kurani limene limakhala pamwamba pa kabati, lokulungidwa m'nsalu yobiriwira.

Sabata imeneyo mphasa inauma. Lolemba Ikram anakweza dzanja m'kalasi n'kundikonza pa samu imene ndinaphonya. Ndinayenda chifuwa patsogolo, kuuza aphunzitsi anzanga kuti ife ophunzira tili ndi njira zathu, osati achule.

Kenaka linafika tsiku la arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi chimwalirire Jamali. Anapha mbuzi, mpunga unali m'miphika itatu. Ine anandiitana monga mnansi, ndinakhala ndi azibambo pansi pa mtengo wa mango, azimayi ali pakhonde. A shehe anapempha msahafu wa m'nyumbamo. Amene anakautenga ndi a Fauzia, ndipo pomasula nsalu kapepala kanagwa pansi.

Anakatola, nawona kapindidwe kake ndi zilembo za mtsikana, nkhope yawo n'kuwala ngati atola ndalama.

"Mwaona zanga zija?" anakuwa a Fauzia. "Ife tikulira, mnzathu ali pa zibwenzi! Mpaka kubisa makalata a anyamata m'buku la Mulungu! Iwe Ikram, bwera kuno uwerenge wekha, anthu amve."

Ikram anali atanyamula beseni la madzi osamba m'manja. Analiika pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho. "Azakhali, chonde," anatero. "Ndimenyeni, koma musawerenge."

Bambo ake, a Abasi, anati, "Achemwali, zisiyeni, tili pa duwa, tikupemphera." Ananena motsitsa, mawu a munthu wofuna kuti adzati ndinaletsa.

A Fauzia anawerenga, mokweza, mawu amodziamodzi.

"Jamali mlongo wanga, sindinali kutsuka mbale. Ndinakupatsa nzimbe kuti ukhale chete, ine n'kupita kukaonera vidiyo kwa a Hamza. Unandiitana, unati achemwali ndidikireni. Ndinamva. Sindinacheuke chifukwa filimu inali itayamba. Ndikhululukire. Amayi asadziwe."

Pofika mzere wachiwiri aliyense anali atadziwa kuti si kalata ya chibwenzi. A Fauzia nawonso anadziwa, koma sanaleke. Anthu ena akayamba kukuvula safuna kusiyira panjira, poopa kuti angaoneke ngati analakwa poyamba paja. Anawerenga mpaka "Amayi asadziwe", amayi ake a Ikramwo ali chapomwepo. Ndipo ine, mphunzitsi wa chifuwa patsogolo uja, ndinangokhala chete, maso pansi. Mpaka lero ndimadana nako kukhala chete kumeneko.

A Habiba, mayi ake a Ikram, anadzuka pakhonde. Sanalire. Anatenga pepalalo m'manja mwa alamu awo, kulipukuta fumbi, kuligunditsa pamphumi chifukwa cha dzina lili pamwamba lija, n'kulipinda mmene linalili.

"Unamva akukuitana?" anafunsa.

"Ndinamva, amayi."

"Chabwino." Anatembenukira kwa azimayi anzawo. "Gawani mpunga, alendo ali ndi njala."

Lachitatu lotsatira ndinaperekeza Mayi Lusungu kunyumbako. Anagwada pamchenga wotentha, mayi wophunzira, chikwama chili pambali. Anafotokoza kuti kulakwa n'kwawo, kuti Ikram ndi mwana amene anapatsidwa katundu woposa msinkhu wake, kuti wadzilanga kale kokwanira. Kenaka anapempha kalatayo.

"Ili ndi dzina la Mulungu," anayankha a Habiba. "Sitayidwa."

"Amayi, ndafunsa a shehe. Akuti ikhoza kutenthedwa mwaulemu."

"A shehe sanabereke Jamali."

A Fauzia anatiperekeza mpaka pamsewu, akuthokoza ndi mtima wonse. Akuti mankhwala athu agwira, mwana wasiyiratu kukodza ndiponso sakumenyanso anzake. Zinali zoona. Munthu amene sagona sakodza pamphasa. Mayi Lusungu anabweranso kanayi, koma a Habiba ankawalonjera bwino, kuwapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuwauza kuti Ikram watumidwa kumunda.

Ikram amabwerabe kusukulu. Amakhala kumbuyo, ndipo pa mayeso amandibwezera pepala loyera, ngakhale dzina lake salemba.

A Habiba sanapite kusukulu, zilembo zathuzi saziwerenga. Ndiye Lachisanu lililonse, azibambo akapita kumzikiti, amatsitsa msahafu pakabati, kumasula nsalu yobiriwira, n'kuitana, "Iwe, bwera." Dzina lake sanalitchulenso chiyambire tsiku lija. Ikram amagwada n'kuwawerengera kalata yonse, kuyambira pamwamba mpaka "Amayi asadziwe". Nyumba yanga ili pafupi, ndimamva. Mawu onse Ikram akuwadziwa pamtima tsopano, koma amayi ake amafunabe kuti pepalalo likhale m'manja mwake.